Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Nduna ya ku Enfield Imene Inamasula Kamuzu

M'gawo lapitalo ndinakusiyani nditangopeza ntchito yosamalira okalamba ku Enfield, kumpoto kwa London. Mwa okalambawo munali agogo ena aakazi a zaka zoposa 90, miyendo itatha koma mutu udakali wakuthwa. Nditawauza kuti kwathu ndi ku Malawi anaseka nati, "Nyasaland! Ndiye Macleod wathu uja mumamudziwa bwino." Dzinalo ndinali ndisanalimvepo chibadwire.

Ine ndinakula nthawi ya Kamuzu. Pa 3 March kunalibe kupita kumunda kapena kusewera mpira, tinkangokhala phee kukumbukira anthu amene anafera dziko. Kusukulu anatiphunzitsa kuti Ngwazi inamangidwa ku Gweru, inatuluka, n'kuphwanya chitaganya chopusa. Amene anatsegula chitseko cha ndendeyo sankatchulidwa.

Anali Iain Macleod, phungu wa Enfield West kuyambira 1950 mpaka imfa yake, wa chipani cha Conservative. Agogowo ankamukumbukira akuyenda mowerama, khosi losatembenuka, chifukwa cha matenda a msana ndi bala limene analandira ku France pa nkhondo mu 1940. Zina ndinakaziwerenga kulaibulale masiku opuma. Anabadwira ku Skipton mu 1913, bambo ake anali dokotala wochokera ku chilumba cha Lewis ku Scotland. Ali mnyamata ankadya ndalama za makadi, masewera aja a bridge, ndipo anali katswiri weniweni. Mu 1952 anatsutsana ndi Aneurin Bevan wa chipani cha Labour m'nyumba ya malamulo mpaka Churchill anachita naye chidwi n'kumupatsa unduna wa zaumoyo. Kenako anakhala nduna ya zantchito.

Gawo lathu likuyamba mu October 1959, pamene nduna yaikulu Harold Macmillan anamuika kukhala nduna yoyang'anira maiko a atsamunda. Anapeza moto ukuyaka. Kwathu anthu 51 anali ataphedwa m'chipwirikiti cha chaka chimenecho, ena mwa iwo ku Nkhata Bay, ndipo lipoti la woweruza Devlin, amene anafufuza za chipwirikiticho, linali litachititsa manyazi boma la Britain. Macleod anaona kuti popanda Kamuzu palibe wokambirana naye. Roy Welensky, nduna yaikulu ya chitaganya ku Salisbury (Harare ya lero), anakana kwamtuwagalu, bwanamkubwa Robert Armitage ku Zomba nayenso ankazengereza, ngakhale Macmillan anayamba kugwedezeka. Macleod anaopseza kuti atula pansi udindo. Pa 1 April 1960 Kamuzu anatulutsidwa, ndipo awiriwa anakumana ku Zomba. Zokambirana za tsogolo la dziko lathu ku Lancaster House, ku London, zinatsatira chaka chomwecho, ndipo mu August 1961 Malawi Congress Party inapambana chisankho.

Musaganize kuti ndikumusandutsa mngelo. Mmene ndikuonera ine, munthuyu anawerengera ngati wa makadi: anaona kuti kukakamira ulamuliro kukanakhetsa magazi ochuluka, ndipo Britain inalibe mphamvu yotigwira mpaka kalekale. Komanso Kamuzu amene Macleod anamutulutsa uja anadzatsekera anzake ambirimbiri ku Mikuyu ndi ku Dzaleka. Komabe kuwerengera kumeneko kunafuna mtima wolimba, chifukwa amene ankamutukwana kwambiri anali a chipani chake chomwe. Mu 1961 Lord Salisbury anamunena m'nyumba ya ma Lord kuti ndi wochenjera mopitirira muyeso, ndipo mawuwo anamumatirira. Agogo aja, amene anamuvotera ulendo uliwonse, anandiuza kuti amuna awo anafa asanamukhululukire pa nkhani ya Afrika. Ankati anagulitsa azungu anzake.

Utsogoleri wa chipani sanaulawe. Mu 1963 anakana kugwira ntchito pansi pa nduna yaikulu yatsopano Alec Douglas-Home, napita kukakhala mkonzi wa magazini ya The Spectator. Edward Heath atapambana mu June 1970 anamupatsa unduna wa zachuma, umene anali ataukonzekera kwa zaka zambiri. Anaugwira mwezi umodzi wokha. Pa 20 July 1970 anamwalira ndi mtima m'nyumba ya nduna pa 11 Downing Street, ali ndi zaka 56.

Loweruka la sabata imene ndinawerenga zonsezi ndinawaimbira foni malume anga ku Ntcheu, amene anali a Congress kuyambira unyamata wawo. Dzina la Welensky analitchula ndisanamalize n'komwe funso, ndi nyimbo yomunyoza pamwamba. La Macleod anati, "Mphwanga, azungu a nthawi imeneyo anali ambiri." Tinasiyira pomwepo chifukwa mayunitsi anatha. M'gawo lotsatira ndikuuzani mmene ndinavutikira ndi mapepala a viza.