Mmene tinapezera galu wa atate kuno ku Chipata

Kuno ku Chipata munthu akanena kuti akufuna galu, anthu amafunsa kuti, "Kodi akuba akuvutitsani?" Ife chifukwa chathu chinali china. Amayi atatisiya, atate anayamba kuswera okha pakhomo pathu ku Kapata: ine ku ntchito, ana ku sukulu, iwo pakhonde ndi wailesi. Ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ku chipatala anawauza kuti aziyenda tsiku lililonse, koma kuyenda kopanda kolowera sikunkawakomera. Chimene ndinkadziwa n'chakuti ali mnyamata kumudzi ku Katete ankasunga agalu osaka nawo akalulu, ndipo akayamba kukamba za agaluwo mawu awo ankabwerera mwakale.

Ndinayamba ndi atate eni ake. "Atate, bwanji tisunge galu pano?" Anakhala chete kaye, kenako anati, "Mwanawe, galu si mpando woti ukagula wangoika pakona. Adzadya chiyani? Akadwala adzamunyamula ndani?" Mafunso amenewa ndi amene ndikufuna aliyense adzifunse asanaone n'kagalu komwe, chifukwa ukangokanyamula m'manja mutu umasiya kuwerengera. Galu wosamalidwa bwino amakhala zaka 10 mpaka 13, ena kupitirira. Mwana wanga wamng'ono ali giredi 3, ndiye kuti galuyo akamadzakalamba iye adzakhala atamaliza sekondale. Tinagawana ntchito pomwepo. Atate anatenga kuyenda naye ndi kumuphunzitsa, ana anatenga madzi ndi kuwola zonyansa pabwalo, ine chakudya ndi mankhwala.

Nyumba ndi yathu, choncho za eni nyumba sizinatikhudze, koma inu a lendi kafunseni kaye. Mpanda wathu unali ndi mpata kumbuyo, tinautseka. Ndinapitanso kwa amayi a nyumba yoyandikana nafe, amene amaweta nkhuku, kukawauza. Anati, "Mwachita bwino kunena, amake mwana. Bola anapiye anga akhale pamtendere."

Ndisanapeze galu ndinapita ku ofesi ya boma ya zaziweto, kwa a vetenale. Ulendo umenewu ndi umene ndimauyamikira kuposa yonse, chifukwa ndinapita kukafunsa za mtengo wa jekeseni koma ndinabwerako nditamvetsa za chiwewe. Matendawa tonse timawamva, koma ambirife sitidziwa kukula kwake. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ochuluka kwambiri mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onsewo amachitenga kwa galu. Mwa anthu 10 alionse omwalira, 4 amakhala ana osakwana zaka 15. Ana ndiwo amasewera ndi agalu a m'njira, ndipo akakandidwa kapena kulumidwa pang'ono amabisa poopa kukalipiridwa. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka mwa munthu, kuchira kumakhala kulibe. Koma nthawi isanafike pamenepo pali chochita: kutsuka bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, osati kungopukuta, kenako kupita ku chipatala tsiku lomwelo kukayamba jekeseni. Osadikira kuona ngati bala litupa, osayamba ndi mankhwala a zitsamba. Madzulo ake ndinaitana ana n'kuwauza kuti galu aliyense akawaluma, kaya wathu kaya wa eni, anene msanga ndipo palibe adzawakalipira.

A vetenale anandifotokozeranso chifukwa chake amalimbikira kuti galu aliyense abayidwe. Agalu 70 mwa 100 alionse m'dera akalandira katemera, chiwewe chimasowa podutsira. Ndiye kubayitsa galu wako n'kutetezanso mwana wa mnzako wa nyumba yachitatu. Chaka chilichonse pa 28 September dziko lonse limakumbukira za matendawa, tsiku limene anamwalira Louis Pasteur, amene anapanga katemera woyamba wa chiwewe, ndipo maiko anagwirizana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa galu.

Posankha mtundu, anzanga ku ntchito ankandikopa ndi Boerboel ndi German Shepherd. Ndi agalu okongola, koma amadya kwambiri, amafuna bwalo lalikulu, ndipo Boerboel wamkulu akakoka chingwe munthu wachikulire ngati atate angagwe. Tinasankha galu wachikuda, wa makutu osongoka ndi ubweya waufupi, yemwe anthu amamunyoza pachabe. Amapirira kutentha kwa mu October, sadya modula, ndipo ukamulera bwino ndi womvera. Tiagalu togulitsidwa m'katoni m'mphepete mwa msewu tinatipewa, chifukwa sudziwa mayi wake, sudziwa msinkhu wake, ndipo tambiri timakhala titachotsedwa ku bere nthawi isanakwane. Kagalu kayenera kukhala ndi mayi wake mpaka masabata 8. M'masabata amenewo kamayamwa mkaka woteteza ku matenda, komanso posewera ndi tinzake kamaphunzira kuti kuluma kumapweteka.

Tinapeza banja lina la ku tchalitchi kwathu limene galu wawo anali ataswa. Atate anapita nane. Sanayambe n'kuona ana ayi, anayamba ndi mayi wake. Anakhala pansi pa kampando, n'kutambasula dzanja, n'kudikira. Galuyo anabwera, ananunkhiza, n'kugwedeza mchira. "Uyu ndi wofatsa, ana ake adzatengera," anatero atate. Ndiyeno anayamba kunyamula kamodzikamodzi, kukatukula mlomo kuti aone ngati nkhama zili zofiirira bwino osati zotuwa, kuyang'ana m'maso ngati mulibe manthongo, kupapasa mimba ngati siyotupa ndi njoka, kutsegula ubweya kufunafuna nthata. Kena kanathawira kuseri kwa mtondo, kena kanali kaukali. Anatenga kakakazi kabulauni kamene kanangobwera kokha n'kuyamba kutafuna chingwe cha nsapato yawo. Anakatcha Tilipo. Pobwerera tinakwera njinga zonyamula anthu, atate atafukata katoni pamiyendo, akuuza wopalasa kuti aziyenda pang'onopang'ono m'mabampu.

Usiku woyamba kanalira kwambiri, kufuna mayi wake. Atate anadzuka, anatenga malaya awo akale n'kukayalira m'katonimo, kanagona.

Masabata otsatira anali a jekeseni. Katemera woyamba amaperekedwa kagalu kakakwanitsa masabata 6 mpaka 8, ndipo amabwerezedwa pakapita masabata atatu kapena anayi mpaka kafike pafupifupi masabata 16. Amateteza ku matenda angapo, koma owopsa kwambiri kwa tiagalu ndi parvo, amene amachititsa kusanza ndi kutsegula m'mimba kwa magazi. Kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri ndipo munthu atha kubwera nako ku nsapato. N'chifukwa chake Tilipo sanatuluke kunja kwa mpanda mpaka jekeseni zitatha, ngakhale ana ankafunitsitsa kukamuonetsa kwa anzawo. Wa chiwewe anabayidwa atakwanitsa miyezi itatu, ndipo timabwereza chaka ndi chaka. Mankhwala a njoka za m'mimba amayamba pafupipafupi kagalu kakadali kakang'ono, akakula ndi miyezi itatu iliyonse. Izi zimatetezanso ana osewera pafumbi limodzi ndi galu.

Khadi limene a vetenale amalembapo jekeseni musamalitaye. Lathu limakhala m'chikwama chimodzi ndi makhadi a sikelo a ana. Ndi limene ndinapita nalo ku khonsolo pokalembetsa galu, monga lamulo la dziko lino la Control of Dogs Act limafunira. Galu wako akadzaluma munthu, chinthu choyamba chimene adzakufunse ndi khadi limeneli, ndipo galu wongoyendayenda wopanda mwini wodziwika amatha kuphedwa pamene akuluakulu akuchotsa agalu osokera m'makomboni.

Pa chakudya m'pamene ndalama zimapita mwakachetechete. Mkute wa nsima wokha sukwanira, makamaka kwa kagalu kamene kakukula. Ife timaphika phala lolimba la mgaiwa, n'kusakaniza ndi kapenta wofumbutuka amene amatsala pansi pa thumba ku Saturday Market, nthawi zina dzira lophika, dzungu, kapena zodulidwa za ku butchala. Ndiwo zathu zokazinga ndi anyezi ndi adyo sitimupatsa, chifukwa ziwirizi zimawononga magazi a galu. Chokoleti ndi poizoni kwa iye. Mafupa a nkhuku ophika amasweka mosongoka n'kulasa m'matumbo. Ndipo galu akadwala musamupatse Panadol kapena mapiritsi ena a anthu mwa nzeru zanu. Nyengo ya mvula udzu ukakula, nkhupakupa zimachuluka, ndipo zimabweretsa malungo amene amatha magazi. Atate amamuyang'ana m'makutu ndi pakati pa zala madzulo alionse, ndipo mankhwala osambitsira timagula amene a vetenale anatilozera, pa mlingo wa galu osati wa ng'ombe.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandipweteka mtima ndikamayenda m'komboni. Galu womangidwa pa tcheni chachifupi tsiku lonse, padzuwa, mbale ya madzi itagubuduka, ena mpaka kumuthirira tsabola m'chakudya ati akhale wolusa. Galu wotere sakhala mlonda, amakhala wamantha, ndipo tsiku limene tchenicho chidzaduke woyamba kulumidwa ndi mwana wodutsa kapena wa pakhomo pomwepo. Tilipo sanamenyedwepo. Atate anamuphunzitsa "khala", "bwera" ndi "leka" ndi tizidutswa ta kapenta m'thumba la malaya, pang'onopang'ono m'mawa ulionse. Usiku munthu akagwira geti amauwa mpaka tonse kudzuka. Ulonda sunachepe chifukwa choti amakondedwa.

Tsopano za chimene tinamutengera. Galu sadziwa kuti lero mbuye wake alibe mtima woyenda. M'mawa, mapiri ozungulira tauni akadali ndi nkhungu, Tilipo amakhala ataima kale pakhomo la chipinda cha atate, ndipo atate amadzuka. A zaumoyo amalangiza munthu wamkulu kuyenda kapena kulimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata. Atate amapitirira pamenepo osawerengera n'komwe. M'njira amaima kulonjerana ndi anthu amene kale ankangodutsana nawo, ana a sukulu amawafunsa dzina la galu, ndipo akabwerako amakhala ndi nkhani yotisimbira. Mu 2015 akatswiri a ku Japan anapeza kuti munthu ndi galu wake akamayang'anana m'maso, m'matupi mwa onse awiri mumachuluka oxytocin, timadzi tomwe timamangiriza mayi ndi khanda lake. Ine ndimaziona masana a Loweruka: atate ali pakhonde, galu watsamiritsa mutu pa phazi lawo, iwo akumukambira nkhani za kumudzi. Mapiritsi awo a BP akumwabe ndipo ku kiliniki akupitabe, galu salowa m'malo mwa zimenezo. Atate amawasowabe amayi. Koma chakudya akudya bwino, tulo akugona, ndipo kuseka kunabwerera m'nyumba.

Popeza Tilipo ndi wamkazi, panali chisankho china. Galu wamkazi amafuna amuna pafupifupi kawiri pa chaka, bere lake limatenga masiku 63, ndipo amatha kuswa ana ambiri nthawi imodzi. Tiagalu tosowa otitenga ndi timene timadzakhala agalu a m'misewu osabayidwa aja. Tinakambirana ndi atate ndipo tinapita naye kukamutseketsa. Anachira bwino, ana akusinthana kumulondera kuti asanyambite bala.

Chotsala chinali cha maulendo. Banja lathu limapita ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa August, ndipo maliro a kumudzi sapangana tsiku. Galu sungamutsekere m'mpanda ndi mphika wa nsima n'kuchoka. Tinapempha mphwanga wa ku Mchini kuti azibwera kudzagona pakhomo tikachoka, ndipo anayamba kubwera tikadalipo kuti Tilipo amuzolowere. Nambala ya a vetenale ndi tsiku la jekeseni yotsatira tinazilemba pa pepala n'kumata kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, pamene aliyense wotsala pakhomo angazione.