Njoka za m'mimba, mphumu ndi ziwengo

Mwana akayamba kutsokomola usiku, m'chifuwa mukulira, ambiri kuno ku Chipata amati ndi mphumu. Akatuluka zidzolo zoyabwa, timathamangira Piriton. Koma nthawi zina gwero lake ndi njoka za m'mimba, chifukwa zida zimene thupi limamenyera njokazi, monga chitetezo cha m'magazi chotchedwa IgE, maselo oyera a m'magazi otchedwa eosinophil ndi histamine amene amayambitsa kuyabwa, n'zomwenso zimabutsa ziwengo.

Tione njoka ya Ascaris. Mwana amameza mazira ake ndi dothi la m'zikhadabo kapena ndiwo zakudimba zosatsukidwa bwino. Timphutsi timaswa m'matumbo, kulowa m'magazi, n'kukafika m'mapapo. Patapita masiku 10 mpaka 14 timakwera kukhosi n'kumezedwanso. Apa m'pamene chifuwa chimalira ngati mphumu, ma eosinophil nawo amakwera m'magazi. Chosokoneza n'chakuti chimbudzi chikayezedwa nthawi imeneyi mazira sapezeka, popeza njokazo zimayamba kuikira pakatha miyezi iwiri kapena itatu.

Njoka zikakhalitsa zimagonetsa chitetezo kudzera mu IL-10, puloteni ya m'thupi yoziziritsa chitetezo, kuti zisachotsedwe, ndipo ziwengo nazo zimatha kuzizira. Ku Gabon mu 2000 anapeza kuti mwa ana odwala likodzo, lomwenso limabwera ndi njoka za mtundu wina, amene khungu lawo linkatupa powayeza ndi tizilombo ta m'fumbi la m'nyumba anali ochepa poyerekeza ndi ana opanda likodzo. Ku Entebbe, Uganda, makanda a amayi amene anamwa mankhwala a njoka a albendazole ali oyembekezera ankadwala eczema, nthenda yoyabwa ya pakhungu, kuposa a amayi amene sanamwe. Koma ku Ecuador ana asukulu anamwa mankhwala a njoka chaka chathunthu, ziwengo sizinachuluke.

Ndiye wina asati njoka ndi mankhwala. Njoka ya hookworm imayamwa magazi m'matumbo, likodzo limawononga chikhodzodzo. Mwana wa miyezi 12 mpaka 23 amwe albendazole 200 mg, wa zaka ziwiri kupita m'tsogolo 400 mg, ndipo pa Child Health Week musaphonye. Likodzo limafuna praziquantel, 40 mg pa kilogalamu iliyonse ya thupi, munthu atadya kaye. Mkodzo wokayezetsa utengedwe pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 14 koloko, mazira akachuluka.

Samalani kwambiri ndi prednisolone wogula paokha, mankhwala a gulu la ma steroid amene amapatsidwa pa mphumu ndi ziwengo. Munthu amene ali ndi Strongyloides, kanjoka koboola khungu la kuphazi poyenda opanda nsapato, akamwa ma steroid kamaswana mosaletseka n'kufalikira m'mapapo, mpaka kupha. Albendazole wakamodzi samatha kanjokaka. Pamafunika mankhwala ena a njoka otchedwa ivermectin, ndipo a kukiliniki ndiwo ayenera kulemba mlingo wake.