Mmene tinapewera ngozi titakumana ndi chimbalangondo ku Yellowstone

Kwathu ukafuna kuyenda wapansi mu Liwonde kapena Majete, kutsogolo kumakhala mlonda wa nkhalango ali ndi mfuti. Ku Yellowstone, paki ya ku America imene inakhazikitsidwa mu 1872, sizili choncho. Mumaimika galimoto poyambira kanjira n'kulowa m'tchire nokhanokha, chonsecho m'tchiremo muli zimbalangondo za mitundu iwiri: grizzly ndi zakuda. Chimene chimakutetezani ndi zomwe mwakonzekera musanalowe.

Tinali atatu, ine, mayi a kunyumba ndi alamu anga, ndipo akuluakulu a pakiyi amalangizadi kuti anthu aziyenda atatu kapena kuposa apo. Tinayamba tapita ku Canyon Village kukabwereka bear spray. Aka ndi kachitini ka mankhwala a tsabola wowawa kwambiri opopera kumaso kwa chilombocho. Musavutike kugula musananyamuke, m'ndege salola. Komanso si mankhwala odzola ngati othamangitsira udzudzu, ntchito yake ndi pamene chimbalangondo chikukuthamangirani basi. Kachitiniko kazikhala pa lamba kapena pachifuwa, osati m'chikwama. Ine ndinayeserera kukasolola ndi kuika chala pa kotsekera kake mobwerezabwereza mpaka dzanja litazolowera, ndipo ndikukupemphani inunso mudzatero, chifukwa mantha akafika mutu umaima.

Kenako tinafunsa alonda za njira zotseka. Madera ena amawatseka pa nyengo imene zimbalangondo zimachulukako, ndipo pakagwa mtembo wa njati kapena elk (nyama yaikulu ya nyanga zanthambi) pafupi ndi njira amathanso kutseka. Chimbalangondo cholondera nyama yake n'choopsa mofanana ndi chimene chili ndi ana. Lamulo lake ndi lakuti mutalikirane nacho mamita 91, pomwe njati ndi mamita 23.

M'njiramo tinkayankhula mokweza, makamaka pokhota ndi pafupi ndi mtsinje pamene madzi amaphimba phokoso la mapazi. Poyamba zimachititsa manyazi kufuula m'tchire lopanda anthu, koma ngozi zambiri zimabwera chifukwa chochidzidzimutsa.

Chimbalangondocho tinachiona titangotuluka m'mitengo kulowa m'dambo, cha kudera la Lamar Valley. Chinali chikufukula pansi, pafupi kuposa mmene lamulo limanenera. Mtundu wa ubweya sungakuuzeni kanthu, popeza chimbalangondo chakuda chimatha kukhala chofiirira. Muyang'ane paphewa. Grizzly ali ndi linunda ngati la ng'ombe zathu za m'mudzi, makutu aafupi ndi zikhadabo zazitali. Ichi chinali nalo linundalo.

Ndinaona alamu akutembenuka, ndiye ndinawagwira mkono. "Alamu, chonde musathamange, imani pompo." Apa ndi pamene pali ntchito yonse. Thupi lonse limakuuzani kuti thawani, koma chilombochi chimathamanga liwiro loposa makilomita 50 pa ola, ndipo chothawa chimachiyesa nyama. Kukwera mumtengo nakonso n'kosathandiza, mitundu yonse iwiri imatha kukwera.

Chinadzutsa mutu n'kuimirira ndi miyendo yakumbuyo. Mtima wanga unagunda kwambiri, koma alonda anali atatiuza kale kuti kuimirira koteroko n'kufuna kuona ndi kununkhiza bwino, si kukonzekera nkhondo. Tinaunjikana pamodzi, ndinasolola kachitini kaja n'kuchotsa kotsekera, n'kuonanso kumene mphepo ikulowera, chifukwa mukapopera moyang'anizana nayo tsabolayo amabwerera m'maso mwanu. Kenako tinayamba kubwerera chambuyo pang'onopang'ono, tikuyankhula motsitsa mawu, maso ali komweko. Chikanatithamangira, tikanayenera kuima nji n'kupopera chitafika pa mamita 18 kapena kucheperapo, molozetsa pansi pang'ono kuti utsiwo uchitchingire kutsogolo. Chikakugwirani pofuna kudziteteza, mumagona chafufumimba, chikwama chili kumsana, manja mutaphimba khosi, n'kukhala chete mpaka chitachoka. Koma chokutsatani mwakachetechete kapena chokulowerani m'tenti usiku, chimenecho mumalimbana nacho ndi chilichonse chimene muli nacho.

Ife sizinafike pamenepo. Chinatsika n'kupitiriza kufukula. Ulendo tinauthetsera pomwepo, sitinayese kuchizungulira kapena kujambula chithunzi.

Madzulo kumsasa tinatsekera zonse zonunkhira m'bokosi lachitsulo limene amaika pamalo ogona: chakudya, mapoto, sopo, ngakhale mankhwala otsukira mano. Izi musazipeputse. Kale zimbalangondo za mu pakiyi zinkadya kudzala ndiponso kupatsidwa zakudya ndi alendo m'misewu, ndipo anthu ambiri ankavulala, mpaka mu 1970 pamene anakhwimitsa malamulo. Chimbalangondo chozolowera chakudya cha anthu nthawi zambiri mapeto ake chimaphedwa, ndipo zimandipweteka kuti chimafera kusasamala kwa mlendo wongodutsa.

M'mawa mwake tinakanena kwa alonda. Anatifunsa malo, nthawi, ngati chinali ndi ana komanso mmene chinachitira chitationa, kuti achenjeze ena olowera njira yomweyo.