Mmene ndinagulira lenzi pa eBay ndili mtulo

Lenzi yanga ya 50mm inafera pa chinkhoswe ku Makawa, ndipo sindinganamizire munthu. Ndinkasintha malenzi choimirira, perekaniperekani ali mkati, ndiye inandipulumuka n'kumenya pa simenti. Galasi silinasweke, koma mutu wake unatuluka n'kumagwedera ngati dzino la mwana. Anzanga ojambula maukwati akudziwa kuti Canon 50mm f/1.8 ndiyo khasu lathu. Ndi yotsika mtengo, komanso imaona bwino ngakhale mu holo ya babu limodzi.

Pa boma pano pa Mangochi simungaipeze. Msuweni wanga wamkazi amakhala ku South Bend, ku Indiana, kumene kuli Amalawi ambiri ndithu, ndipo mnzake wina ankabwera kumudzi mu Disembala. Anati, "Asuweni, pezani yogwirapo kale ntchito pa eBay, aitumize kwa ine kuno. Ndilipira ndine, inu makwacha mukapatse amayi ku Namwera." eBay ndi tsamba la pa intaneti pamene anthu amagula katundu mopikisana mitengo. Anandibwereka akaunti yake, pasiwedi ndi zonse.

Ndinalowa m'malondawo ndi nzeru za pa dooko, ndipo n'zimene zinandigwetsa. Bwato likakocheza ndi usipa, ogula amalizungulira, uyu atchula mtengo, uyo awonjezera, mpaka wina atapukusa mutu n'kuchoka. Malonda amatha anthu akatopa. Pa eBay amatha ndi wotchi. Wogulitsa amasankha kuti katundu akhalepo tsiku 1, masiku 3, 5, 7 kapena 10, ndipo nthawi ikakwana chitseko chatsekedwa, ngakhale mutaima pakhomo ndi thumba la ndalama. Chinanso, mtengo umene mumalemba suonekera kwa anthu. Mumalemba malire anu, eBay n'kumakuwonjezererani yokha pang'onopang'ono mpaka pa malirewo. Katundu wa pakati pa $25 ndi $99.99 amakwera ndi dola imodzi imodzi. Ndiye inu mukalemba $80, mnzanu analemba $62, mwapambana ndinu, koma mulipira $63 basi.

Ulendo woyamba ndinalemba $70 kudakali masiku asanu. Kunabwera munthu wina wodya mobudula ngati mbewa. Lero $45, mawa $52, mkuja $60. Ankafufuza pamene ndaima, ndipo anandipeza. Atandidutsa mtima unanyamuka, ndinalemba $85, kenako $95, ngati kuti munthuyo wanditukwanira makolo. Anatenga iye pa $96. M'mawa mwake mutu utazizira ndinakumbukira kuti yatsopano, ya m'bokosi, inkagulitsidwa $125 ku America komweko. Ndinamuthokoza munthu uja chamumtima pondilanda.

Ulendo wachiwiri ndinati ndichenjere, ndidikire mphindi yomaliza. Tsamba la eBay la ku America limayendera nthawi ya ku California. Kuyambira Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala tili patsogolo ndi maola 9, miyezi inayo ndi maola 10, chifukwa iwo amasuntha mawotchi awo pamene ife sitisuntha. Ogulitsa ambiri amakonda kutsekera malonda madzulo a kwawo, ndiye 6 koloko yawo ndi 3 koloko ya usiku kuno. Ndinatchera alamu, ndinadzuka, ndinakhala pa khonde foni ili m'manja, udzudzu ukundidya m'miyendo. Kutatsala masekondi 20 ndinadina. Kagudumu kaja kanayamba kuzungulira. Kanazungulira, kanazungulira, ndipo pamene tsamba limatseguka malonda anali atatha kalekale.

Pa holide ya Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, pamene magalimoto a ku Blantyre ndi Lilongwe amadzaza msewu wa ku Monkey Bay, mng'ono wanga anabwera kuchokera ku Poly. Nditamufotokozera anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Achimwene, ntchito imeneyo si ya munthu. Ili kuti laputopu ija ndinakuikirani Ubuntu?" Ubuntu ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta, ngati Windows. Laputopuyo inali pamwamba pa wadirobu, itavala fumbi.

Anadina Ctrl, Alt ndi T pamodzi, panatuluka zenera lakuda lopanda chithunzi chilichonse, kamzere kokha kakuphethira. Amalitcha terminal. Ine ndinazolowera kudina zithunzi, ndiye ndinaona ngati tikufuna kuthyola banki. Iye anati ndilembe ndekha, kuti zala zizolowere:

sudo apt-get install esniper

esniper ndi kapulogalamu kaulere, kakang'ono kwambiri, kopanda batani ngakhale limodzi. Ntchito yake ndi imodzi. Kamalowa mu akaunti yanu, kamawerenga nthawi yotsala pa katunduyo, kamagona, kamadzuka mwa apo ndi apo kukasuzumira ngati zinthu zasintha, ndipo kukatsala masekondi amene mwakauza kamaponya mtengo wanu kamodzi. Ndinafunsa ngati si kuba. Ayi, eBay imalola kuponya mtengo mpaka sekondi yomaliza. Anthu amene agonja ndi amene amadandaula.

Poyamba tinakonza fayilo ya makonzedwe. Dzina lake ndi .esniper, kadontho kali kutsogolo, ndipo imakhala mu foda yanu yaikulu. Kadonthoko kamaibisa, moti musadabwe mukapanda kuiona. M'menemo mumalemba username = n'kutsatiza dzina la akaunti, ndipo mukafuna mumalembanso password = pa mzere wina. Apa ndinakana. Pasiwedi inali ya eni, yolumikizidwa ku khadi la ku banki la eni, ndipo laputopuyo ana amaonerapo makatuni. Mng'ono wanga anati tikhoza kuitseka fayiloyo ndi chmod 600 kuti ena asaiwerenge, koma ndinasankha njira ina: mukawonjezera -P polamula, pulogalamuyo imakufunsani pasiwedi nthawi yomweyo, ndipo simuisiya yolembedwa paliponse. Mukamailemba sipaoneka kanthu, ngakhale tinyenyezi. Ndinailemba katatu ndikuganiza kuti kiyibodi yafa.

Fayilo yachiwiri ndiyo mtima wa nkhani yonse. Tinaitcha lenzi.txt. Katundu aliyense pa eBay ali ndi nambala yake ya manambala 12, imene imaoneka pa tsamba lake komanso mu adiresi ya pamwamba. Mzere uliwonse mumalemba nambalayo, mpata, kenako malire anu. Mzere woyamba ndi # pulogalamu siiwerenga, ndi wongodzikumbutsa. Yathu inkaoneka chonchi, kungoti manambala enieni ndawasintha:

quantity = 1
seconds = 15
# yoyamba, ili ndi bokosi
111111111111 78.57
# yachiwiri
222222222222 78.57
# yachitatu, yokalikakalika kunja
333333333333 64.57

Mzere wa quantity = 1 ndi umene unandigwira mtima. Malenzi amenewa ndi ambirimbiri pa eBay, ndiye mukhoza kundandalika atatu kapena asanu. Pulogalamuyo imayamba ndi imene ikutha msanga, ikalephera ipita pa yotsatira, ikapambana imodzi isiya zotsalazo. Ndi manja simungayerekeze kuponya pa zitatu nthawi imodzi, chifukwa mtengo mukauponya ndi lonjezo. Mukapambana zonse zitatu mulipira zonse zitatu.

Masekondi mukapanda kutchula imatenga 10. Ife tinaika 15 poganizira netiweki ya kuno. Mng'ono wanga ankafuna 8, akuti winayo asapeze mpata woyankha. Ndinamuuza kuti iye sanakhalepo pa khonde 3 koloko usiku akuyang'ana kagudumu.

Pa 78.57 paja tinakhalapo nthawi yaitali kuposa pa china chilichonse. Tinatenga pepala. Ndalama zimene ndingathe kukapereka ku Namwera popanda kukhudza fizi ya ana, kuchotsapo yotumizira katundu kuchokera kwa wogulitsa kukafika ku Indiana, kuchotsaponso kangachepe kothokozera wonyamulayo. Zinatsala $78. Masenti 57 ndi a dala. Anthu ambiri amalemba manambala oyera ngati 75 kapena 78, ndipo awiri akafanana, eBay imapatsa amene anayamba kuponya. Woponya pa mapeto ndiye wobwera mochedwa nthawi zonse, choncho timasenti timeneto ndi timene timamuwombola. Mng'ono wanga anandifunsa funso limodzi: "Wina akatenga pa $80, mudzalira?" Ndinaganiza, ndinati ayi. "Ndiye basi, malire anu ndi omwewo. Musawakhudzenso."

Tisanaisiye yokha tinaiyesa. Lamulo la esniper -P -i lenzi.txt limangobweretsa zambiri za katunduyo n'kutuluka: dzina, mtengo wa panopa, nthawi yotsala. Pamenepo ndi pamene ndinaona kuti nambala yachitatu ndinasemphanitsa manambala awiri, moti inalephera kuipeza. Palinso -n, imene imachita zonse kupatula kuponya mtengo. Kuyesaku musakudumphe. Pulogalamuyi ndi yakale, ndipo imawerenga tsamba la eBay monga mmene munthu amawerengera. Tsambalo likasintha maonekedwe, kapena polowera pakabwera mafunso otsimikiza kuti ndinu munthu, imasokonezeka mpaka wina ataikonza. Ikakana pa -i, ikananso usiku, ndiye musadzivutitse. Alipo masamba ngati Gixen amene amagwira ntchito yomweyi pa makompyuta awo, kungoti pasiwedi mumaipereka m'manja mwawo. Ndipo amene mumasuzumira ku Yahoo Auctions ya ku Japan dziwani kuti kumeneko wogulitsa akhoza kuika kuti nthawi iziwonjezeka wina akaponya m'mphindi 5 zomaliza. Kumeneko ndi pa dooko penipeni, kubisalira sikuthandiza.

Mng'ono wanga anabwerera ku Blantyre, ine ndinatsala ndi zenera langa lakuda. Lachisanu usiku ndinalemba esniper -P lenzi.txt, ndinaika pasiwedi, inandionetsa kuti yagona ikudikira. Ndinasangalala, ndinatseka chivindikiro cha laputopu monga mwa chizolowezi, n'kukagona. Laputopu nayo inagona. M'mawa ndinapeza pulogalamu ili pomwe ndinaisiya, ndipo lenzi ya bokosi ija itapita pa $58. Tsiku limenelo nsima sinalowe bwino.

Ndinamuimbira foni. "Achimwene, mlonda mwamutsekera m'nyumba, ndiye mukuti alondere bwanji?" Anandilongosolera kuti ndilowe ku makonzedwe a mphamvu ya magetsi n'kuletsa kugona kokha, chivindikiro chikhale chotsegula, zenera lakudalo ndisalitseke. Zina ndinaziganizira ndekha. Magetsi kuno amapita osatsanzika, ndiye ndinayesa batire ya laputopu masana, inapirira maola awiri. Intaneti inkachokera pa hotspot ya foni, foniyo ndinailumikiza ku power bank. Ndinagula bandulo ya sabata, chifukwa ya tsiku limodzi ikanatha usiku pakati ine ndili mkonono. Kutentha kwa Okutobala ku Mangochi nonse mukukudziwa, choncho laputopu ndinaikhazika pa njerwa ziwiri pafupi ndi windo kuti mpweya uzidutsa pansi. Ndinamata kapepala: OSATSEKA. Mayi a kunyumba anawerenga, anandiyang'ana, anati, "Abambo, mwalembera ndani? Anatseka uja ndinu."

Ndinachotsa mzere wa lenzi yopitayo, ndinaikapo ina. Lamlungu usiku panali ziwiri zotsatana: ina yotha 5:40 madzulo ku California, imene ili 2:40 usiku kuno, ina 7:05, imene ili 4:05 m'bandakucha. Ya $64.57 ija inali ya Lachiwiri. Ndinayesa ndi -i, zonse zinayankha. Ndinaiyambitsa, ndinakagona. Kunena zoona tulo tinavuta kubwera. Dzanja linkayabwa kuti ndikweze malire afike 85, mwina 90. Koma kuti nditero ndinayenera kudzuka, kuimitsa pulogalamu, kutsegula fayilo, kusintha, kuyesanso, kulembanso pasiwedi yosaoneka ija. Ulesi unandipulumutsa. Pa foni kukweza mtengo ndi chala chimodzi, pamene apa mkwiyo umazizira usanafike pa kiyibodi, ndipo ine ndimaona kuti phindu lalikulu la kapulogalamuka lili pamenepo kuposa pa masekondi.

Ndinadzidzimuka ndi kuitana kwa ku mzikiti. Ndinapita pa windo osavala ndi silipasi zomwe. Ya 2:40 tinalephera. Mtengo wanga unalowa bwinobwino pa nthawi yake, koma panali munthu amene analemba malire okwera kuposa anga kalekale, ndipo anatenga pa $79.57, dola imodzi pamwamba pa ine. Kubwera mochedwa sikugonjetsa munthu wa thumba lalikulu. Kumangothandiza kuti mbewa zija zisakupezeni pamene mwaima. Ndinatsitsa maso pa mizere ya m'munsi. Ya 4:05 inali yathu, pa $66. Amene anali patsogolo anaima pa $65, mwina akuganiza kuti palibenso wina, ndipo analibe masekondi okwanira kuti akwiye. Pulogalamu inali itatuluka yokha, ya Lachiwiri ija osaikhudza, kamzere kaja kakungophethira.

Ndinatumiza uthenga ku Indiana, kumene kunali kudakali Lamlungu usiku. Msuweni analipira asanagone, ndipo anasintha pasiwedi yake monga tinapangana. Loweruka ndinakwera phiri la ku Namwera ndi envulopu ya azakhali.

Lenzi inafika mu Disembala kudzera pa Chileka, itakulungidwa m'masokosi awiri pakati pa sutikesi. Galasi loyera, yoyenda bwino, koma yopanda chotsekera kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Nditabwerera pa tsamba lija ndinapeza kuti wogulitsa analemba zimenezo momveka, pa mzere wachiwiri, ine n'kuti maso ali pa manambala. Chakumbuyo ndinachotsa pa malemu ija ya ku Makawa. Chakutsogolo cha malemuyo chinasowa tsiku la chinkhoswe lomwelo, moti mpaka pano lenziyo imayenda itavala imodzi mwa masokosi aja.