Sewero m'kati mwa sewero: zimene ndaphunzira pa gawo lina la Saved by the Bell

Pa phunziro la kalembedwe ka masewero a pa kanema limene ndikuchita, tafika pa masewero anthabwala a ku America otchedwa sitcom, ndipo ntchito imene tinapatsidwa inali yowerenga mwachifatse gawo limodzi la sewero lakale n'kufotokoza mmene mlembi analilukira. Ine ndinasankha gawo la Saved by the Bell lotchedwa "Snow White and the Seven Dorks", limene linaonetsedwa mu 1992, chifukwa m'gawoli ophunzira a ku sekondale akukonza sewero loyimba, ndipo ndinkafuna kuona mmene munthu angalowetsere sewero lathunthu m'kati mwa sewero lina pamene nthawi imene wapatsidwa siikwana ngakhale theka la ola.

Saved by the Bell inkaonetsedwa pa wailesi ya kanema ya NBC kuyambira 1989 mpaka 1993, Loweruka m'mawa, nthawi imene mabanja a ku America anazolowera kuti ndi ya makatuni a ana. Inaphuka kuchokera ku sewero lina la pa Disney Channel lotchedwa Good Morning, Miss Bliss, limene mwini nkhani wake anali mphunzitsi wamkazi wa ku Indiana, mbali imene ankaisewera ndi Hayley Mills. Seweroli atalikonzanso motsogozedwa ndi Peter Engel, sukuluyo inasamukira ku California n'kutchedwa Bayside High, mphunzitsi uja anachotsedwa, ndipo nkhani inatsala m'manja mwa ophunzira 6, omwe ndi Zack, Kelly, Slater, Jessie, Lisa ndi Screech, pamodzi ndi mphunzitsi wawo wamkulu, a Belding. Popeza wailesi ya kanema ya dziko lathu inayamba mu 1999, seweroli litatha kale, ine sindinakule nalo, ndipo zimenezi zandithandiza kuliwerenga ngati ntchito ya mlembi popanda chikondi cha paubwana chimene chimaphimba maso a anthu amene ankaliona ali ana.

Chinthu choyamba chimene tinaphunzitsidwa ndi maonekedwe a tsamba, ndipo poyamba ndinkaona ngati ndi nkhani ya akalaliki. Masewero amene amajambulidwa ndi makamera angapo nthawi imodzi pamaso pa oonera, njira imene inakhazikika ndi sewero la I Love Lucy mu 1951, ali ndi kalembedwe kawokawo. Mawu a atengambali amalembedwa motalikirana, mzere ndi mzere kusiya mpata, malangizo a zochitika amalembedwa m'zilembo zazikulu zokhazokha, ndipo zigawo za malo zimatchulidwa ndi zilembo za alifabeti m'malo mwa manambala. Chifukwa chake n'chakuti pepalalo si la munthu wowerenga ali pampando kunyumba, koma ndi la anthu ogwira ntchito. Wosewera amafuna polemba zosintha, wojambula amafuna polemba kamera imene itenge mzere uti, ndipo wotsogolera amafuna kuona mofulumira amene akulowa ndi amene akutuluka. Pa masewero oterewa sabata imayamba ndi kuwerengera pamodzi atakhala patebulo, kenako kuyeserera, alembi n'kumasintha nthabwala zimene sizinaseketse, masamba atsopano n'kumabwera pa mapepala a mitundu yosiyana kuti aliyense adziwe ngati ali ndi zaposachedwa, mpaka tsiku lojambula. Nditamvetsa zimenezi ndinayamba kuona kuti mzere uliwonse uli ndi malo ake opumira, pamene wosewera ayenera kudikira kuti chiseko cha oonera chizirale asanapitirize. Ukawerenga mawuwo chamumtima amaoneka osakoma ndi odukaduka, koma ukawawerenga mokweza n'kumasiya mipata imeneyo, umamva kuti analembedwera khutu.

Mwa mphindi 30 za pulogalamu, zotsatsa malonda zimadya gawo lake, ndipo nkhani imatsala ndi mphindi zoposa 20 pang'ono, zimenenso zimadulidwa pakati kuti otsatsa alowe. Apa ndi pamene ndinaona nzeru yoyamba ya alembi. Iwo sanapeke nthano yatsopano yoti ophunzira asewere, koma anabwereka ya Snow White, imene abale awiri a Grimm anaisindikiza ku Germany mu 1812 ndipo filimu ya Disney ya 1937 inaifalitsa kwambiri ku America. Woonera akudziwa kale kuti muli mtsikana, mfumukazi yanjiru, kalilole wolankhula, chipatso chothiridwa chiphe, amuna afupiafupi 7, ndi kalonga amene pamapeto amadzutsa mtsikanayo pomupsompsona. Palibe mphindi ngakhale imodzi imene ikuwonongeka pofotokoza zimenezi. Chimene anawonjezera n'chakuti ophunzirawo aimbe nthanoyo m'kayimbidwe ka rap, kamene pa nthawiyo kanali kakufalikira pakati pa achinyamata, ndipo kusagwirizana kwa nthano yakale ndi kayimbidwe katsopano kukupereka nthabwala popanda mlembi kuvutika kwambiri.

Koma pamene pagona luso lenileni, ndipo ndi pamene ndakhalitsa poganiza, ndi pa kagawidwe ka mbali. M'gawoli Zack ali pa chibwenzi ndi Kelly, ndipo Slater ali pa chibwenzi ndi Jessie. Munthu wolemba mosaganiza akanapereka ukalonga kwa Zack ndi mbali ya Snow White kwa Kelly, sewero n'kuyenda bwino, aliyense n'kuomba m'manja, ndipo pakanakhala palibe nkhani. Alembiwa anapingasa dala: Jessie ndiye Snow White, Zack ndiye kalonga, Kelly wapatsidwa ufumukazi wanjiru, ndipo Slater ali m'gulu la amuna afupiafupi aja. Mbali zikangogawidwa motere, mkangano wonse wa gawoli wabadwa kale ngakhale palibe amene wachita cholakwa, chifukwa woonera aliyense akudziwa kuti nthanoyo ili ndi chipsompsono kumapeto ndipo akudziwa amene adzakhale akuyang'ana. Palinso kena kowonjezera pa Jessie, amene m'sewero lonse amadziwika monga mtsikana wophunzira kwambiri ndi wolimbikira kunena kuti akazi sayenera kudalira amuna. Kumupatsa mbali ya mtsikana wogona podikira kuti mwamuna adzamupulumutse n'kumuveka chovala chimene chikutsutsana ndi khalidwe lake, ndipo kutsutsanako kumaseketsa iye asanatsegule n'komwe pakamwa. Kelly, amene amadziwika ndi mtima wabwino, wavekedwa nkhanza. Ndaphunzira kuti m'nkhani ya mtundu uwu mndandanda wa amene atenge mbali iti ndiwo tsatanetsatane wa nkhani yonse, ndipo mlembi amene waukonza bwino mndandandawo watsiriza theka la ntchito yake.

Zimene zikutsatira zikuyenda mmene munthu angayembekezere. Poyeserera, chipsompsono cha Zack ndi Jessie chikuoneka kuti chapyola pa sewero, awiriwo akuyamba kukayikira mitima yawo, ndipo zibwenzi zawo zikupwetekedwa mtima. Pa tsiku loonetsa seweroli, mathero a nthano akusinthidwa pansanja pomwepo, moti Snow White akusankha mbali imene akusewera Slater, ndipo kalonga akutembenukira kwa mfumukazi, amene ndi Kelly.

Mathero amenewa anandichititsa kufunsa chifukwa chimene alembi sanalole kuti anayiwa akambirane kuseri, m'kalasi kapena kumalo odyera otchedwa The Max kumene amakonda kukumana, n'kupepesana ngati anthu wamba. Yankho limene ndapeza n'lakuti nsanja imalola munthu kunena poyera chinthu chimene sangathe kuchinena maso ndi maso, chifukwa pakamwa pamene pakulankhula ndi pa kalonga, ngakhale mtima ndi wa Zack. Ife tikuidziwa njira imeneyi kuchokera ku nyimbo za pamtondo, mmene mayi amaimba dandaulo lake la mwamuna kapena la apongozi mudzi wonse ukumva, koma palibe amene angamuimbe mlandu, popeza iye akungosinja ndi kuimba. M'gawoli muli oonera a mitundu iwiri, ndipo mlembi akuwagwiritsa ntchito onse. Makolo ndi ophunzira amene akhala m'holo ya sukulu akungoona nthano imene yasokonekera modabwitsa, pamene ife amene tikuona pa kanema tikudziwa kuti mzere uliwonse ndi chipepeso chenicheni. Kusiyana kwa zimene magulu awiriwa akudziwa ndiko kukuchititsa kuti pampondachimera pakhale poseketsa komanso pokhudza mtima nthawi imodzi. Seweroli linali litawazoloweretsa kale oonera ake kudziwa zambiri kuposa atengambali, chifukwa Zack amakonda kuimitsa zochitika n'kulankhula molunjika ku kamera anzake atauma ngati zithunzi.

Ngakhale ndikuyamikira lusoli, sindingabise kuti mathero amenewa ali ndi mtengo wake. Funso limene gawoli linadzutsa, lakuti kodi anthu awiri amene akhala mabwenzi kwa nthawi yaitali angazindikire kuti pakati pawo pali china, ndi funso lenileni kwa achinyamata, ndipo likutsekedwa mofulumira kuti aliyense abwerere pamene anali. Ndazindikira kuti uku si kulephera kwa mlembi yekha, koma ndi lamulo la malonda a sitcom. Magawo amaonetsedwa mobwerezabwereza pa mawailesi osiyanasiyana, nthawi zina mosatsata ndondomeko, choncho gawo lililonse liyenera kuimirira palokha ndi kusiya zinthu mmene linazipezera. Chaka chomaliza cha seweroli chikuonetsa zimenezi poyera. Tiffani-Amber Thiessen ndi Elizabeth Berkley, amene ankasewera Kelly ndi Jessie, atachoka, NBC inafunabe magawo ena, ndipo kunabwera mtengambali watsopano dzina lake Tori, woseweredwa ndi Leanna Creel. Magawo a Tori ankaonetsedwa mosakanikirana ndi a Kelly ndi Jessie popanda kufotokoza kumene enawo apita. M'dongosolo lotere mlembi sangalole kuti chipsompsono chimodzi chisinthe miyoyo ya atengambali, chifukwa sabata yotsatira woonera akhoza kukumana ndi gawo limene silikudziwa kuti chinachitika.

Chimene chikundivutitsa kwambiri ndi china. Gawoli likunena za ophunzira amene akukonza sewero loyimba, koma ntchito yeniyeni yokonza sewero siikuoneka kwenikweni. Aliyense amene anatengako mbali pa mipikisano ya zisudzo za m'sukulu za sekondale kuno kwathu, monga imene imakonzedwa ndi bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM, akudziwa mmene thukuta limakhalira: kuloweza mawu usiku homuweki ikudikira, kubwereka zovala kwa achibale, kukhoma mipando ndi makatoni kuti pakhale nyumba ya mfumu, mnzanu wodwala tsiku lomaliza, ndi mphunzitsi amene amatsala madzulo popanda malipiro owonjezera. Ku Bayside zovala zimangopezeka, nyimbo zimangodziwika, ndipo kuyeserera kumaoneka pokhapokha pamene kukuthandiza nkhani ya chikondi. Ndikumvetsa kuti mphindi n'zochepa, komabe ndikukhulupirira kuti m'thukuta limenelo muli nthabwala zambiri komanso zoona kuposa zimene alembi anasankha, ndipo mwana amene akuona akanaphunzira kuti sewero limamangidwa ndi manja a anthu ambiri amene sadzaomberedwa m'manja.

Palinso nkhani ya anyamata amene seweroli limawaseka. Mu Saved by the Bell ophunzira okonda mabuku amaonetsedwa kawirikawiri atavala magalasi ndi zovala zosawakhala, osadziwa kucheza, ndipo ntchito yawo ndi kukhala chandamale cha nthabwala za anzawo ooneka bwino. Gawoli likuwaika m'malo a amuna afupiafupi aja, ndipo mutu wake womwe ndi chitonzo cha iwo, chifukwa mawu akuti "dorks" ndi onyozera anthu otere. Screech, amene ankaseweredwa ndi Dustin Diamond, anasenza mtolo umenewu zaka zonse za seweroli. Powerenga ndinadzifunsa kuti mwana wa khalidwe lotere, atakhala kutsogolo kwa kanema Loweruka m'mawa, ankamva chiyani poona kuti chiseko chonse chikugwera munthu wofanana naye. Nthabwala imene imadalira kunyoza munthu chifukwa chokonda sukulu ndi yosavuta kulemba, ndipo ndikuganiza kuti mlembi wa achinyamata ayenera kuikana ngakhale akudziwa kuti oonera aseka.

Ntchito yathu yotsatira ndi kulemba gawo lathulathu la mphindi 22, ndipo ine ndasankha kulemba za kalabu ya zisudzo ya sukulu yogonera konko imene ikukonzekera mpikisano. Kwa alembi a ku America ndatengako zinthu ziwiri: kubwereka nthano imene oonera akuidziwa kale, imene kwa ine ikhala ya Kalulu ndi chitsime chimene nyama zinakumba iye atakana, ndi kuyamba ndi mndandanda wa mbali ndisanalembe mzere uliwonse wa mawu. Mbali ya Kalulu ndaipereka kwa mnyamata amene amathawa ntchito za kalabu, ndipo ya Kamba, amene anamugwira Kalulu pachitsime, ndaipereka kwa mtsikana wachete amene amasoka zovala ndi kusunga makiyi a holo. Pamene ndaima tsopano ndi pa chigawo chachiwiri, chifukwa ndikufuna kuti zimene mtsikanayo adzanene pansanja kudzera mwa Kamba zisinthedi mmene anzake amamuonera, koma aphunzitsi athu akufuna kuti gawolo lithe m'njira yoti gawo lotsatira likhoza kuyamba popanda kufotokoza za m'mbuyo.