Mwezi wathu ukutalikira, Phobos, mwezi wa pulaneti ya Mars, akugwera ku Mars: chimasiyanitsa n'chiyani?

Pamutu uwu ophunzira ambiri amasocheretsedwa ndi chithunzi cha m'kalasi: dziko lili pakati, madzi atupa mbali ziwiri, chotupa chimodzi chaloza mwezi ndendende. Zikanakhala choncho, njira ya mwezi sikanasintha. Nkhani yonse yagona pa kupendekeka pang'ono komwe chithunzicho sichionetsa.

Mwezi umakoka kwambiri mbali ya dziko yomwe yayang'anizana nawo kusiyana ndi mbali ya kuseri. Kusiyana kumeneku ndiko kumatupitsa nyanja zamchere, ngakhalenso nthaka yeniyeniyo. Koma dziko limatembenuka kamodzi pa maola 24, pomwe mwezi umatenga masiku 27.3 kuti ulizungulire. Madzi sasuntha nthawi yomweyo akakokedwa. Amakhulana ndi pansi pa nyanja, makamaka m'malo osazama a m'mphepete. Wofuna kuona mphamvu yake apite ku Beira, komwe madzi amakwera ndi kuphwa mamita ngati 6 mwezi ukakhala wathunthu; pa nyanja ya Malawi simungazione ndi maso. Chifukwa cha kuchedwaku, dziko limanyamula chotupacho n'kuchiika patsogolo pang'ono pa mwezi. Chotupa chimakokera mwezi kutsogolo, mwezi nawo umakokera chotupa m'mbuyo ngati mabuleki.

Apa m'pamene pali msampha wa mayeso. Munthu amaganiza kuti chinthu chikakokedwa kutsogolo chithamanga kwambiri. Ayi. Mphamvu yowonjezerayo imakweza mwezi kupita m'njira yotambalala, ndipo m'njira yotambalala liwiro limatsika. Mwezi umalandira mphamvu koma umayenda pang'onopang'ono kuposa kale, pano pafupifupi kilomita imodzi pa sekondi. Dziko ndilo limalipira: tsiku limatalika ndi pafupifupi mamilisekondi 2 (magawo awiri mwa magawo 1,000 a sekondi) pa zaka 100 zilizonse, ndipo gawo lalikulu la mphamvu yomwe dziko limataya limangosanduka kutentha m'madzi. George Darwin, mwana wa Charles Darwin, ndiye anayala masamu ake cha m'ma 1879.

Muyeso wake ndi wachindunji. Anthu amene anapita kumwezi pa ulendo wa Apollo 11 mu 1969 anasiya pamwezi magalasi obweza kuwala, a Apollo 14 ndi 15 n'kuwonjezera ena mu 1971. Asayansi amawombera kuwala kwa leza pa magalasiwo n'kuwerenga nthawi yomwe kwatenga kuti kubwerere, pafupifupi masekondi 2.5 pa mtunda wa makilomita 384,400. Miyeso ya zaka zambiri ikuonetsa kuti mwezi ukutalikira masentimita 3.8 pachaka.

Nambala imeneyi musaichulukitse mwachisawawa kubwerera m'mbuyo. Mukatero, ndi masamu onse oyenera, mupeza kuti mwezi unali pafupi kukhudza dziko zaka pafupifupi 1.5 biliyoni zapitazo, chonsecho uli ndi zaka zoposa 4 biliyoni. Cholakwika n'kuganiza kuti nyanja zakhala chimodzimodzi nthawi zonse. Mmene makontinenti akhalira masiku ano, madzi amagwedezeka mogwirizana kwambiri ndi kukoka kwa mwezi, choncho mabuleki akugwira mwamphamvu kuposa mmene ankagwirira kale.

Tsono funso loyamba kufunsa pa mwezi wa pulaneti iliyonse ndi ili: wofulumira ndani, pulaneti potembenuka kapena mwezi pozungulira? Mars ndi poyeserera pabwino chifukwa ali ndi mayankho onse awiri. Tsiku la Mars ndi maola 24 ndi mphindi 37. Deimos, mwezi wina wa Mars, amazungulira m'maola 30, ndiye chotupa chimamutsogolera ndipo akutalikira. Phobos amamaliza ulendo wake m'maola 7 ndi mphindi 39. Chotupa chimatsalira m'mbuyo mwake, chimamukokera m'mbuyo, ndipo akutsika pafupifupi mamita 2 pa zaka 100, kwinaku liwiro lake likukwera. Mars alibe nyanja, kukhulanako kumachitika m'miyala. Triton, mwezi wa Neptune, naye akutsika, koma chifukwa chake n'chakuti amazungulira mobwerera m'mbuyo, mosemphana ndi mmene Neptune amatembenukira.

Nanga nthawi yotembenuka pulaneti ndi yozungulira mwezi zikafanana? Chotupa chimaloza mwezi ndendende monga pa chithunzi chija, kukokana kwa m'mbali kumatha. Pluto ndi mwezi wake Charon anafika kale pamenepo: onse amatembenuka ndi kuzungulirana m'masiku 6.4, ndipo woima kuseri kwa Pluto sangamuone Charon ngakhale tsiku limodzi.