Loweruka la pulena ndi miyendo ya tebulo

Loweruka, madzulo.

Mapewa akuwawa, m'zikhadabo muli guluu, koma tebulo laima. Pamwamba pake palibe, ndi miyendo inayi chabe ndi matabwa opingasa oigwirizitsa, komabe laima lokha pasimenti popanda woligwira. Ndati ndilembe ndisanasambe n'komwe, zimene ndaona lero zisanandithawe m'mutu.

Kwa inu amene mwangondipeza kumene: sindine kalipentala. Mkati mwa sabata ndimakhala mu ofesi, maso pa kompyuta. Zamatabwazi ndayamba chaka chomwe chino, nditatopa ndi timipando tokongola tsiku logula, koma mvula ikangogwa kawiri tayamba kale kugwedera. Zida zanga n'zowerengeka: sowo, hamala, tepi, sikweya, matchizulo, ndi pulena yakale ya Stanley nambala 4 imene ndinaipeza kwa ogulitsa zitsulo zakale itachita dzimbiri. Pogwirira ntchito ndi pakhonde la kuseri, pa chitseko chakale chimene ndinachikhomera miyendo ya bulugamu. Tebulo ndikupangali ndi la mwana wanga wamkazi. Walowa Sitandade 8, mayeso akumudikira, ndipo mpaka pano homuweki amalembera pamiyendo atakhala pamkeka. Zimenezi zimandiwawa mumtima.

Matabwa ake ndi a paini. Ndinagula ku Mchesi mwezi wa Ogasiti, mnyamata wa wilibala n'kundikankhira mpaka kuno ku Kawale. Tsiku limenelo anali olemera, ozizira ukawagunditsa patsaya, ndipo ukadula, utuchi unkamatirira ku mano a sowo. Anali aawisi. Ndinawasanja pamthunzi pamwamba pa njerwa, pakati pa thabwa ndi linzake ndikuikapo timitengo topingasa kuti mphepo izidutsa, pamwamba penipeni n'kutsindikapo njerwa zina kuti asapindike. Kuyambira pamenepo a m'nyumba muno akhala akufunsa ngati tebulolo ndi la chaka chino. Ndi la chaka chino, koma thabwa silikakamizika. Likamauma limafota m'lifupi, m'litali ayi, ndiye ukalumikiza lili laliwisi, pakapita miyezi mipata imayasama yokha pamene unathina bwinobwino. Timipando tija timagwedera chifukwa cha zimenezi. Kalipentala wa pamsewu amazidziwa ndithu, koma kasitomala akufuna katundu wake mawa, ndipo ndalama yoti agule matabwa n'kuwagoneka miyezi iwiri alibe. Ine amene sindidyera pamenepo ndili ndi mwayi wodikira, ndiye ndidikire.

Wogulitsa anati ndi a ku Chikangawa. Nkhalango ya ku Viphya ija yadyetsa amisiri a dziko lino zaka zambirimbiri. Inadzalidwa m'zaka za m'ma 1960 kupita m'tsogolo, mahekitala pafupifupi 53,000, poganiza kuti kudzamangidwa fakitale yokonza zopangira mapepala. Fakitaleyo sinamangidwe, mitengo n'kusanduka ya matabwa. Moto wolusa wa chaka ndi chaka ndi kudula kosabwezeretsa zaigwetsa kwambiri, ndipo zotsatira zake umaziona ndi maso pamsika. Thabwa lotambalala, lowongoka, lopanda mfundo zambiri, umachita kugwetsa mulu wonse kuti ulipeze, wogulitsa akukuyang'ana ndi diso lofiira.

Lero ndinayamba 6 koloko, kuthawa dzuwa la Okutobala. Malilime a matabwa opingasa, nsonga zolowa m'mabowo a miyendo, ndinasema kale madzulo a masiku apitawa ndikaweruka, mabowo enanso ndinali nditaboola. Zotsala zinali kusalaza miyendo, kumaliza mabowo, ndi kumata. Koma pulena inkakana. Ndikakankha imadumpha, kapena kuluma thabwa n'kusiya zipsera pafupi ndi mfundo.

Ndili mkati molimbana nayo ndinamva mawu kuseri kwa mpanda.

"Achimwene, pulena yakuthwa siilira choncho."

Anali madala oyandikana nawo nyumba. Anagwira ukalipentala moyo wawo wonse mpaka pamene maso anayamba kuwavuta, ndipo masiku ano amangokhala pansi pa mtengo wa mango ndi wailesi yawo. Posakhalitsa ndinamva odi pageti.

"Lowani, bambo. Mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka, kaya inu. Tabweretsani mwala wanu wonolera."

Apa ndi pamene tsiku langa linatembenukira. Anamasula mpeni wa pulena, n'kudontheza mafuta a mashini osokera pamwala. Sanayambe ndi kukamwa kwake monga ndimayembekezera. Anaugoneka chagada, msana wake wonse utakhudza mwala, n'kumaupukusa pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwake kunayamba kung'anima. Anati msana ukakhala wosasalala, ngakhale unole tsiku lonse mpeni sungathwe, chifukwa kuthwa ndi pamene mbali ziwiri zosalala zakumana. Kenaka anautembenuza, zala ziwiri zitatsindika pafupi ndi kukamwa, zigongono zitamatirira m'nthiti, thupi lonse likupita ndi kubwera, dzanja osagwedezeka. M'mabuku amalemba kuti mpeni upendekeke madigiri 25 mpaka 30. Iwo sayeza, zala zinaloweza kalekale.

Patapita kanthawi anagwira chala changa n'kuchiyendetsa kumsana kwa mpeni, kuchokera m'munsi kupita kukamwa.

"Mukumva kakukanda?"

Ndinamva. Kachitsulo kopyapyala kwambiri kanali katapindikira kumbuyo, m'mbali monse kuchokera ngodya iyi kufika inayo.

"Kameneko kakatuluka ponseponse, mwafika. Kasanatuluke, musasiye. Katatuluka, musapitirize, mukungotha chitsulo."

Anakachotsa pogonekanso msana pamwala kawiri katatu, n'kupempha lamba wachikopa wakale, n'kupukutirapo mpeniwo mokoka chobwerera. Atauyesa pamkono, ubweya unangoyoyoka. Pobwezera mu pulena anasendeza chitsulo chimene chimagona pamwamba pa mpeniwo kufupi kwambiri ndi kukamwa kwa mpeni, n'kuutulutsa pang'ono zedi, moti poyang'ana pansi pa pulena umangoona kamzere kakuda. Ndiye anandipatsa.

Abale, kukankha koyamba komweko. Phokoso linasintha, kungoti syee, ndipo chopalidwacho chinatuluka chathunthu, chopotana, chopyapyala ngati khungu la anyezi. Fungo la utomoni wa paini linadzaza khonde. Pulena yomwe ija, thabwa lomwe lija, manja omwewa. Ndinapala mwendo wonse osafuna kuleka, mpaka madala anachita kundigwira phewa kuti mwendo ungathe.

Anandionetsanso kuti thabwa lili ndi kolowera. Ukayang'ana m'mbali mwake, mizere yake imakwera kulozera mbali imodzi, ndipo pulena iyenera kutsata komweko. Ukaibweza, imazula m'malo mopala. Pa mfundo mizere imazungulira, ndiye pamenepo umapendeketsa pulena pang'ono n'kudya pang'onopang'ono.

Cha m'ma 10 magetsi anazima. Ndinadziwira wailesi ya m'nyumba imene inangoti zii. Ntchito sinaime ngakhale pang'ono, ndipo ndinaganiza za mavidiyo a pa YouTube amene ndimaonera usiku. Ndaphunzirako zambiri, sindingawanyoze. Koma ambiri mwa iwo amakuonetsa munthu ali m'chipinda chodzaza makina, ichi chodulira, icho chopalira, china chokoka fumbi, ndipo woyamba kumene amatsala akuganiza kuti popanda zimenezo palibe chake. Si zoona. Mipando ya m'matchalitchi akale, zitseko ndi makabati amene agogo athu anasiya ndipo mpaka lero sagwedera, zambiri zinapangidwa ndi sowo, pulena ndi tchizulo. Amene akufuna kuyamba ndipo ndalama n'zochepa, ine ndingamuuze kuti agule mwala wonolera asanagule chilichonse cholumikiza kumagetsi.

Mabowo ananditengera m'mawa wonse wotsala. Miyendo ndi ya mainchesi 2 mbali zonse, ndipo ikadzadulidwa idzakhala masentimita 73 kuti pamwamba pakaikidwa tebulo lifike pa 75, msinkhu wabwino wolemberapo. Pakali pano ndaisiya yotalikirapo kumutu. Nzeru imeneyi ndi ya madala omwewo: bowo likakhala pafupi ndi mapeto a mtengo, pokhoma tchizulo mutu umang'ambika, ndiye umasiyako kachidutswa kodzadula guluu atauma. Mwendo uliwonse uli ndi mabowo awiri amakona anayi, iwo amati motisi, ndipo lilime lolowamo, tenoni, likhale gawo limodzi mwa magawo atatu a kuchindikala kwa thabwa. Kwa matabwa angawa ndiye kuti tchizulo ya kota inchi. Umayambira pakati pa bowo, kutali ndi mzere, kukhoma ndi nyundo yamtengo, kutukula zinyalala, kusendera pang'ono, kukhomanso. Kumzere umafikako pomaliza. Hamala yachitsulo anandiletsa, akuti imaphwanya chigwiriro. Ndi ntchito yochedwa, ndipo ndinapeza kuti ndikuikonda kuposa zonse. Mutu sumaganiza za ofesi, sumaganiza za ngongole, umangoona mzere wa pensulo ndi nsonga ya tchizulo.

Masana mayi a kunyumba anatiitanira nsima ya usipa ndi mpiru wotendera. Madala anakana kamodzi mwaulemu, n'kusamba m'manja. Pakudyapo ndinawafunsa za matabwa amene ankagwiritsa ntchito ali anyamata. Nkhope inawala. Anatchula mlombwa, umene ukaudula uli wauwisi umatuluka madzi ofiira, thabwa lake losapindika wamba ndiponso losadyeka ndi chiswe. Anatchula mbawa, yofiirira bwino ukaipaka vanishi. Ndipo anatchula mkungudza wa ku Mulanje, akuti kabati yake ukaitsegula patapita zaka fungo limakhala lilipobe. Mtengo umenewu kwawo kwenikweni ndi pa phiri la Mulanje, unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, ndipo lero watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha kudula mozemba ndi moto. Ndinawauza kuti tsiku lina ndimafuna nditapanga kanthu ka mlombwa.

"Mudzapanga, achimwene. Koma mlombwa umatenga zaka zambiri kuti ukule. Si mtengo wophunzirirapo."

Ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse. Paini ndi wofewa, amabonyoka ukangomugunda, mfundo zake zimatopetsa, koma amakula msanga ndipo amadzalidwa. Manja osazolowera ayambe ndi ameneyu.

Titatha kudya iwo anapita kukagona pang'ono, ine n'kuyesa kulumikiza zonse popanda guluu. Malilime ena analowa ndi kukankha kwa dzanja, momwe zimafunikira. Ena anakanirira pakati, ndipo m'malo mowakhomerera, zimene zikanang'amba mwendo, ndinawatulutsa n'kuyang'ana pamene panyezimira chifukwa chokhuzana, n'kusenga pomwepo ndi tchizulo. Popeza mabowo awiri a mwendo umodzi amakumana mkati, nsonga za malilime ndinazidula mopendeketsa kuti zisagundane.

Kumata kunali kothamanga. Guluu woyera uja kukatentha chonchi sachedwa kugwira, ndiye sindinamate zonse nthawi imodzi. Ndinayamba ndi miyendo iwiriiwiri ya m'mbali, n'kuisiya maola angapo, kenaka dzuwa litapendeka n'kulumikiza mbali ziwirizo ndi matabwa aatali. Zopanira zachitsulo zazitali ndilibe, mtengo wake ndi woopsa. Ndinagwiritsa ntchito malegeni a chubu chakale cha galimoto, kukulunga mokoka mwamphamvu, ndipo mbali zazitali ndinamanga chingwe chopinda pawiri, kulowetsa kamtengo pakati n'kumapotokola mpaka guluu anayamba kutuluka m'mphepete. M'makona ndinaikamo makatoni kuti chingwe chisadye thabwa.

Apa mwini tebulo anabwera kudzathandiza. Ndinamupatsa nsonga ya tepi kuti agwire pa ngodya imodzi, ine n'kuyeza mopingasa kufika ngodya ya kutsidya, kenaka n'kuyezanso ngodya ziwiri zinazo. Miyezo iwiriyi ikafanana ndiye kuti makona onse ali bwino. Inasiyana ndi theka la sentimita.

"Adadi, ndiye kuti lapotoka?"

"Lapotoka pang'ono. Gwira apa, tikankhe ngodya yaitaliyi."

Tinakankha, n'kuyezanso. Inafanana. Anawerenga yekha manambala pa tepi, kawiri, kuti atsimikize kuti sindikumunamiza, ndipo anafunsa chifukwa chake mizere iwiriyo iyenera kufanana. Ndinamujambulira pa kachidutswa ka thabwa. Anati zimenezi anazionapo m'buku la masamu koma sankadziwa kuti zili ndi ntchito. Kenaka anatenga kansalu konyowa n'kupukuta guluu yense wotuluka, chifukwa ndinamuuza kuti akaumira pamenepo vanishi sadzalowa, padzatsala zigamba zoyera.

Zopalidwa zonse mayi ake asesa n'kuziika m'thumba, akuti n'zabwino kuyatsira mbaula. Magetsi abwera ndikutsuka maburashi.

Chatsala ndi pamwamba. Ndi matabwa anayi oti ndiwongole m'mbali mwake mpaka atakhudzana popanda kuwala kudutsa, ndipo madala andichenjeza kale kuti ntchito imeneyo ndi yovuta kuposa ya lero. Akutinso ndisadzakhome pamwambapo ndi misomali kapena kumata ndi guluu ku matabwa opingasa, chifukwa nthawi ya mvula padzafufuma, chilimwe n'kufotanso, ndipo pakasowa poyendera padzang'ambika. Adzandionetsa kasemedwe ka timatabwa tating'ono togwirira kunsi, tolola pamwamba kusuntha. Mawa ndi kutchalitchi, malegeni akhale momwemo mpaka Lolemba. Ndikaweruka ndidzadzera ku hadiweya kukagula sandipepa wa 120 ndi wa 180, ndi masikuluu a timatabwa timeneto.